Kumene Wofuna Kuleka Mowa Angapeze Anzace

Abale ndi alongo a ku Malambo, inu a kwa Nsefu ndi kwa Kakumbi, a kwa Mnkhanya, Jumbe, Msoro ndi Malama: phunziro ili silinalembedwe kuti likuuzeni kuti kuledzera nkoipa. Zimenezo mwazimva kale pa guwa, ndipo woledzera mwini wace azidziwa kuposa mlaliki, pakuti ndiye amene auka m'mawa ndi matsire, m'thumba mulibe kanthu, ana ace osamuyang'ana kumaso. Funso lathu ndi lina. Munthu akatopa nao mowa, nanena mumtima mwace kuti, Tsopano ndifuna kuleka, kodi apite kuti, ndipo akakhale pansi ndi yani?

MOWA NDI BWALO LACE

Tiyambe taganizira cimene munthu ataya pakuleka mowa. Kwathu kuno palibe amene anaphunzira kumwa ali yekha m'nyumba. Makolo athu anali kufulula mowa wa mapira pa nthawi yace: pa dima, pamene anthu anathandizana kupalira munda wa mnzao, pa ukwati, ndi pa maliro. Cipanda cinali kuzungulira kucokera kwa wamkulu kufikira kwa wamng'ono, ndipo pomwepo nkhani za mudzi zinali kukambidwa. Lero zinthu zasintha. Kacasu aphikidwa sabata iri yonse, ndipo mowa waukali wa m'mafakitale ugulidwa pa kantini ndi ndalama zocepa. Boma linaletsa tujilijili m'mwezi wa Epulo 2012, koma mowa waukaliwo unabwerera m'timabotolo. Ndipo ngakhale lamulo la 2011 liletsa kugulitsa mowa kwa mwana wosafika zaka 18, ambiri ayamba kumwa asanamere ndebvu.

Koma cinthu cimodzi sicinasinthe: wakumwa ali ndi bwalo lace. Tiyerekeze munthu wa ku Masumba amene wagulitsa thonje lace, kapena wogwira nchito m'misasa ya alendo odzaona nyama, amene wabwerera kumudzi mvula itagwa ndi misasa ya kuthengo itatsekedwa, ndalama ziri m'thumba, cocita palibe. Patsinde pa mtengo wa mango pamene anzace amwera pali mpando wace. Kumeneko amlonjera ndi dzina lace, aseka nthabwala zace, amkongoza botolo akasowa. Tsiku limene aleka mowa, zonsezi azitaya pamodzi. Dzuwa likapendeka, pa nthawi ija anazolowera kupita kwa anzace, akhala pakhonde yekha. Mkazi wace amuyang'ana mokayika, pakuti malonjezo otere anawamva kale kasanu. Ndipo ku mpingo amkumbukira monga munthu wodulidwa. Cibaba cimpeza pomwepo. Ambiri amene anabwerera ku mowa sanabwerere cifukwa ca kukoma kwace, koma cifukwa ca kusungulumwa.

Sindinena kuti cilango ca mpingo ncacabe. Koma cilango cimcotsa munthu pa Mgonero, sicikhala naye pakhonde Loweruka madzulo. Akulu anati kali kokha nkanyama, tiri tiwiri ntianthu. Woleka mowa afunika bwalo lina lolowa m'malo mwa lija walisiya, bwalo la anthu amene acidziwa cibaba cifukwa cinawagwira iwo omwe.

YAMBANI MWAPITA KU CIPATALA

Tisanafike ku misonkhano pali cenjezo limene wowerenga asalidumphe, pakuti likhudza moyo. Munthu amene wamwa kwambiri tsiku ndi tsiku kwa miyezi kapena zaka, thupi lace lazolowera mowa, ndipo akauleka mwadzidzidzi thupilo libvutika. Pakati pa maola 6 ndi 24 cimwere botolo lotsiriza, ayamba kunjenjemera manja, kucita thukuta ndi nseru, ndi kusowa tulo. Ena agwa naphupha monga wakhunyu pa tsiku loyamba kapena laciwiri. Ndipo ena owerengeka, pa tsiku laciwiri, lacitatu kapena lacinai, asokonezeka mutu, thupi litentha, naona njoka, tizirombo kapena anthu amene wina ali yense sawaona. Pamudzi anthu athamangira kunena kuti walodzedwa, namtsekera m'nyumba kapena kummanga ndi zingwe. Iai, abale. Imeneyi ndi nthenda yodziwika kwa madotolo; ikalekereredwa ipha munthu, koma mankhwala ace alipo, ena omkhazika thupi pansi pa masiku oyambawo, ndi vitamini B1 woteteza ubongo.

Cifukwa cace wakumwa tsiku ndi tsiku asalumbire yekha kuti mawa sadzakhudza dontho, asanaonane ndi a cipatala. Apite ku Kamoto, kapena ku cipatala ca St Luke's ku Msoro, kapena ku kiliniki yapafupi monga ya Kakumbi kapena ya Masumba, ndipo akanene zoona: mabotolo angati pa tsiku, zaka zingati, ndiponso ngati anagwapo kale ndi kuphupha. Ambiri acepetsa ciwerengero cifukwa ca manyazi, nadzinyenga okha. Matenda akakula, a cipatala atumiza munthu ku Chipata Central Hospital, kumene kuli cigawo ca matenda a maganizo, kapena ku Chainama ku Lusaka, cipatala cimene cinatsegulidwa m'caka ca 1962. Dzina la Chainama lisakuopseni. Kugona kumeneko sikutanthauza kuti munthu ndi wamisala.

Komatu cipatala cimgwira munthu sabata imodzi kapena ziwiri. Akatuluka, mtengo wa mango uja uli pomwe anausiya.

ANTHU AWIRI A KU AKRON

Misonkhano ya oleka mowa yodziwika koposa pa dziko lapansi ndiyo ya Alcoholics Anonymous, mwacidule A.A., ndiko kunena kuti zidakwa zosachulidwa maina. Ciyambi cace ciyenera kusimbidwa bwino, pakuti ciri ndi phunziro lalikuru kwa ife okhala kutali ndi mizinda.

M'mwezi wa Mei 1935 munthu wina wamalonda wa ku New York, dzina lace Bill Wilson, anapita ku mzinda wa Akron m'dziko la America pa nchito ya malonda, ndipo malondawo analephera. Munthuyu anali cidakwa coti madotolo anali atataya mtima naye, koma anali atakhala miyezi isanu osamwa. Tsiku lina ali yekha m'nyumba ya alendo, wokhumudwa, anamva phokoso la anthu akumwa m'cipinda ca mowa, ndipo cibaba cinamgwira. Pamenepo anazindikira cinthu cacilendo: kuti cimene cingampulumutse si munthu womlangiza, koma cidakwa cinzace coti alankhule naco. Anaona ndandanda ya maina a abusa a mumzindamo, nayamba kuimba lamya kufunsa ngati adziwa woledzera wina. Kufunsako kunamfikitsa kwa dotolo wina wocita opareshoni, Bob Smith, amene mowa unali kumuonongera nchito ndi banja. Dotoloyo anabvomera monyinyirika kuti amvetsera mphindi 15 zokha, koma anakambirana maola ambiri kufikira usiku, pakuti kanali koyamba kukomana ndi munthu amene sanamdzudzule, koma anangosimba za kugwa kwa iye mwini. Tsiku la 10 Juni 1935 liwerengedwa kuti ndilo limene dotoloyo anamwa kotsiriza, ndipo ndilo tsiku lobadwa la A.A. Munthu wacitatu anakampeza ali gone m'cipatala ca mumzinda womwewo.

Taonani tsono: panalibe ofesi, panalibe ndalama, panalibe cikalata ca boma. Panali anthu awiri, ndipo zitseko zimene anagogoda zinali ziwiri, ca mpingo ndi ca cipatala. Buku lao linasindikizidwa m'caka ca 1939, misonkhano inafika ku South Africa m'caka ca 1946, ndipo lero iri m'maiko ambirimbiri, ndi m'dziko lathu lino mumzinda wa Lusaka.

Kodi msonkhano wotere uyenda bwanji? Anthu akhala mozungulira kwa ola limodzi. Ali yense alankhula pa nthawi yace, ena ali cete, ndipo anena za iye mwini yekha: m'mene anali kumwera, cimene cinamgwetsa, ndi m'mene wapirira sabata imeneyo. Palibe wolalikira mnzace, palibe woweruza, ndipo wosafuna kulankhula aloledwa kungomvetsera. Colowera cace ndi cimodzi, kufuna kuleka mowa. Ndalama yolembetsera palibe. Msonkhanowo si wa mpingo uli wonse, kotero kuti wa Reformed, wa Anglican, Mkatolika, Msilamu ndi wosapemphera akhala pa mphasa imodzi, ngakhale aphunzitsana kutsamira pa Mphamvu yoposa yao, imene Mkristu aidziwa kuti ndiye Mulungu. Ali ndi masitepe 12 amene munthu akwera pang'onopang'ono: ayamba ndi kubvomera kuti mowa wamgonjetsa, pambuyo pace adzisanthula, naulula zolakwa zace kwa munthu mmodzi wokhulupirika, nabwezera amene anawalakwira pamene kuli kotheka, ndipo potsiriza athandiza cidakwa cina. Salumbira za moyo wonse. Alonjeza za lero lokha, ndipo mawa alonjezanso. Watsopano apatsidwa mnzace amene wakhala nthawi yaitali osamwa, woti amthamangire cibaba cikabwera. Ife tingamuche phungu, pakuti nchito yace ndi yomweyo, kuyenda ndi namwali pa njira imene iye anapitapo kale.

Wina angafunse ngati kungokhala pansi ndi kulankhula kuciritsa munthu. M'caka ca 2020 akatswiri a bungwe la Cochrane anasonkhanitsa zofufuza 27 zokhudza anthu 10,565, napeza kuti njira yotsogolera anthu ku misonkhano ya A.A. iwathandiza kukhala osamwa konse monga momwe zithandizira njira zina za uphungu wa kucipatala, ndipo kawirikawiri iziposa. Si onse amene acira; koma njirayo yayesedwa.

ZITSEKO ZOGOGODA KUNO KWATHU

Msonkhano wa oleka mowa suimba ng'oma ngati gule, pakuti anthu ace asunga cinsinsi, ndipo malo ndi masiku asintha. Upezeka ndi kufunsa. Safunsa anadya phula.

Funsani poyamba ku cipatala, tsiku lomwelo mwapita kukaonana nao. Musangolandira mankhwala ndi kucoka. Nenani kwa namwino kapena kwa mlangizi kuti, Kodi kuno kuli gulu la anthu oleka mowa? Ngati kulibe, kodi mudziwa munthu mmodzi amene analeka, amene angalole kulankhula nane? Funso laciwirili ndilo lofunika koposa. Wa cipatala saloledwa kukuuzani dzina la wodwala mnzanu, koma akhoza kumfunsa iyeyo ngati alola kuti mukomane. Anthu a komiti ya zaumoyo ya m'midzi mwanu nawonso adziwa makomo ambiri.

Funsaninso ku mpingo, wanu kapena wa eni ace. M'mpingo uli wonse wa m'cigwa muno muli mkulu wina amene lero akhala pa mpando wa kutsogolo, koma a msinkhu wace akumbukira zaka zimene anali kumtola m'ngalande. Munthu ameneyo ndi cuma cobisika, ndipo kawirikawiri wabisa mbiri yace poganiza kuti ndi yonyansa. Mbusa kapena wansembe amdziwa. Pakati pa Akatolika pali gulu la Apainiya, limene linayambidwa ndi wansembe James Cullen ku Dublin m'caka ca 1898. Iwo alonjeza kusamwa konse nabvala cizindikiro pa malaya. A ku Chikowa ndi ku maparishi ena afunse wansembe wao za gululi. Koma dziwani kusiyana kwace: ambiri a m'magulu a lonjezo sanakhalepo zidakwa. Ndi abwenzi abwino oyenda nao, koma munthu amene sanagulitsepo mbeu ya m'nkhokwe kuti agule kacasu sangamvetse msanga mau a amene anatero.

Amene ali ndi mbale ku Lusaka, kapena apita kumeneko pa ulendo, ayese kukhala nao pa msonkhano wa A.A. ngakhale kamodzi kokha, afunsire ku Chainama kapena ku mipingo ya mumzindamo. Ulendowo ndi wautali, wopitirira makilomita 600 kucokera ku Mfuwe, ndipo palibe angaupite sabata ndi sabata. Koma woona ndi maso ace m'mene msonkhano uyendera abwera ndi mbeu yodzabzala kwao, ndi nambala ya lamya ya munthu woti amuimbire usiku wobvuta.

Cenjerani ndi ali yense wofuna mbuzi kapena ndalama zambiri, nalonjeza kucotsa cibaba tsiku limodzi. Ndipo inu amai, musathire mankhwala mobisa m'cakudya kapena m'mowa wa amuna anu kuti asanze. Ciwindi ca cidakwa ncofooka kale, ndipo munthu saleka mowa pomnyenga.

NGATI SIMUNAUPEZE

Mwina mudzafunsa ponseponse osapeza msonkhano umene mungaufike ndi miyendo kapena ndi njinga. Pamenepo kumbukirani a ku Akron. Mukapeza munthu mmodzi wofuna kuleka monga inu, msonkhano wayamba.

Yambani mwadziwitsa mfumu ya mudzi. Anthu okomana mwakacetecete sabata ndi sabata osanena cifukwa cace aganiziridwa zoipa, ndipo mudziwa nokha mphekesera zimene zingabuke. Mfumu idziwe colinga, koma isafunse zimene zinenedwa m'katimo. Pemphani cipinda ca sukulu, kapena khonde la kacisi, kapena mthunzi wa mtengo umene suli pa njira ya ku malo omwera.

Nthawi yace muisankhe mwanzeru, ndipo pano ife a m'cigwa tiri ndi zathu zimene a m'tauni sazidziwa. Musakomane usiku, pakuti njobvu zilowa m'midzi dzuwa likalowa, makamaka mango akapsa, ndipo sikuyenera kuti munthu apulumuke ku botolo nakaphedwa pa njira yobwerera ku msonkhano. Komanani masana, pa ola lomwelo limene cibaba cikula: Loweruka dzuwa litapendeka, kapena tsiku la malipiro. Pa nyengo yogulitsa thonje komanani kawiri pa sabata, ndipo wofooka apite ku msika ndi phungu wace, kuti ndalama zifike kunyumba zonse. M'dzinja, Lupande akadzaza ndi njira zikaduka, a tsidya lino akomane paokha ndi a tsidya lija paokha, ngakhale akhale awiri okha. Koma tsiku lisalumphidwe. Msonkhano umene ucitika mwa apo ndi apo ufa msanga, cifukwa munthu wosweka mtima amene wayenda mtunda wautali napeza palibe munthu sabweranso.

Lankhulani cinenero ca kwanu, Cikunda kapena Cinyanja, cimene munthu alira naco. Mukafuna cakumwa, phikani tiyi. Thobwa kapena munkhoyo wogona masiku wayamba kale kusasa, ndipo ungadzutse cimene mufuna kugoneka. Ka ndalama ka shuga musonkhe nokha, ndipo pasakhale thumba lalikuru, pakuti ndalama zapasula magulu ambiri abwino. Wotsogolera asinthidwe kawirikawiri, kuti pasakhale mwini msonkhano.

Cobvuta koposa ndi cinsinsi. M'mzinda waukuru anthu abisa maina ao. Pamudzi dzina silibisika, pakuti uyu ndi mlamu wako, uyo ndi mwana wa malume. Tsono popeza sitingabise nkhope, tibise mau. Cimene cinenedwa pa bwalolo cisafike ku cigayo, ku mjigo, ngakhale kwa mkazi wa iwe mwini. Mau amodzi akatuluka, msonkhano watha, ndipo kuuyambanso kudzabvuta kuposa poyamba. Kumbukiraninso ulemu wa kwathu: mkamwini sangaulule zamanyazi pamaso pa apongozi ace, kotero otere akhale m'magulu osiyana. Amai akumwa, amene alipo ndithu ngakhale amwera kuseri, akomane paokha ndi mai mnzao.

Akazi ndi ana a zidakwa nawonso asenza katundu wolemera. Ku America gulu lao, lochedwa Al-Anon, linakhazikitsidwa m'caka ca 1951, ndipo mmodzi wa oyambitsa anali Lois, mkazi wa Bill Wilson uja. Ciphunzitso cao ndi cakuti mkazi sindiye anayambitsa kumwa kwa mwamuna wace, ndipo sangakuthetse ndi kulalata kapena kubisa mabotolo. Amai a Cigwirizano ndi a magulu ena a amai angathe kupatula ola la akazi otere, losakhala la miseche. Koma pamene pali kumenya, imeneyo si nkhani ya kupirira. Ipite kwa ankhoswe, kwa mfumu, ndi kwa apolisi a Victim Support Unit.

Wina adzagwa, ndipo ici mudziwiretu. Munthu amene wakhala miyezi itatu osamwa adzapita ku maliro, cipanda cidzamfika m'manja, ndipo adzacita manyazi kucikana pamaso pa akulu. Sabata yotsatira sadzabwera, poopa maso anu. Musamdule, gulu ili liribe cilango. Phungu wace apite kwa iye m'mawa, mowa utamcoka, akhale naye pansi, namuuze tsiku limene iye mwini anagwa. Akabwera ku msonkhano ataledzera, akhale amvetsere, koma adzalankhule tsiku lina. Ndipo musanafike pa maliro ena, phunzitsanani mau okanira mwaulemu, ndi kukhala moyandikana awiriawiri pamene cipanda cizungulira.

Pa sabata zoyamba mudzakhala awiri okha pansi pa mtengo, ndipo tsiku lina mnzanuyo adzacedwa. Dikirani ola lonse, pakuti mwina wacitatu ali m'njira. Mukatha mwezi umodzi osalumpha, bwererani ku cipatala kuja munayambira, mukauze namwino tsiku, ola ndi malo, kuti wina akadzagonekedwa ali kunjenjemera ndi kuona njoka pa khoma, adzamuuze kumene angapite akatuluka.